Kompresa ikungong'ung'udza osazungulira, kodi mota yapsa?

Kalipentala_Kalingalinga
Akuluakulu, ndigawireni nzeru ndisanataye ndalama. Ndili ndi kompresa ya malita 50, ya 2HP, ija yothira oyilo. Ndinaigula kwa munthu chaka chatha itagwirako kale ntchito, ndipo ndimapopera vanishi pa mabedi ndi makabati kuseri kwa nyumba kuno. Kuyambira sabata yatha yayamba mwano. M'mawa, thanki ikakhala yopanda mpweya, imayaka bwinobwino, koma kuti geji ya mpweya ifike pa 8 bar ndimamwa tiyi mpaka kutsuka kapu. Ikazima yokha, pansi pa kabokosi kakuda ka swichi pamalira "psssss" osaleka, singano ya geji n'kumatsika ndikuiona. Ikafika pa 6 kuti iyambenso, mota imangong'ung'udza osazungulira, kenako kabatani kamadumpha. Wina wandiuza kuti mota yapsa, ndipite nayo akaikulunge waya watsopano. Mtengo umene anditchulirawo, bola kungowonjezera n'kugula ina. Kodi ndi mota zoona?

MnyamataWaKamwala
Kapasita imeneyo mdala, ija yothandiza mota kudzuka. Sinthani chabe, yasila nkhani.

AgogoAMatayala
Mwana wanga wa ku Kamwala, dekha pang'ono. Kapasita ikafa mota imakana kudzuka ngakhale thanki ilibe kanthu. Iyi akuti m'mawa imayaka bwino. Mota yopsa nayonso siisankha nthawi, ndipo fungo lake simungalakwitse.

A Kalipentala, yankho mwalilemba nokha: "psssss" uja. Tsatirani paipi yaikulu yochokera kumutu wa pampu kupita ku thanki. Pamene yalowera m'thanki pali kachitsulo kachikasu kokhala ndi kapaipi kena kakang'ono kopita ku swichi. Imeneyo ndi non-return valve, ntchito yake ndi kulola mpweya kulowa m'thanki koma osabwerera. Kompresa ikazima, swichi imatsegula ka unloader kuti mpweya wotsala m'paipi utuluke, n'chifukwa chake mumamva "psss" kamodzi kakafupi. Tsono kalabala ka mu non-return kakada kapena kutha, mpweya wa m'thanki umabwerera n'kumatulukira pa unloader pomwepo osatha. Poyambanso pisitoni imapeza mpweya wa 6 bar utaikhalira pamutu. Mota ya 2HP singanyamule katundu ameneyo itaima. Ndiye kung'ung'udzako.

Kalipentala_Kalingalinga
Agogo, ndiye kuti swichiyo ilibe mlandu? Ine ndimati ndiyo yabooka, ndimafuna kuimata.

AgogoAMatayala
Swichi ndi mboni chabe. Wakuba ndi non-return ija pa thanki apo.

Sipanala17
Musanagwire sipanala: zulani pulagi kukhoma, tulutsani mpweya wonse mpaka geji igone pa 0, mukokenso kamphete ka safety valve, kavalavu kotaya mpweya ukachuluka mopitirira muyezo, kuti mutsimikize. Ndikunena izi chifukwa ine ndinamasula chivindikiro cha non-return geji ili pa 3, ndikuti ndi pang'ono. Chinandipulumuka m'manja n'kukaboola lata la shedi, kasipuling'i sindinakaonenso mpaka lero. Chikanapeza diso bwenzi pano ndikulemba ndi limodzi.

Mukamasula mupeza zinthu ziwiri zokha, kasipuling'i ndi kalabala kozungulira. Yang'anani pamene kalabalako kamakhala. Nthawi zambiri pamakhala mwaye wolimba wa oyilo wopsa, kapena kachidutswa ka dzimbiri kochepa ngati njere ya mawere. Pukutani ndi kansanza konyowetsa palafini, osakanda ndi sikuludiraiva, chifukwa mkuwa uja ndi wofewa ndipo mukaupala mzere sudzatsekanso. Kalabala kakakhala ndi chipsera cha mphete mbali imodzi, katembenuzeni, kamagwira ntchito miyezi ingapo.

MnyamataWaKamwala
Olo mudule chabe malegeni n'kuikapo. Labala ni labala.

Sipanala17
Iyayi. Paipi imeneyo igwireni kompresa itayenda mphindi zisanu muone ngati simusiyapo khungu. Chubu cha tayala chimafewa n'kumata pamenepo ngati phula. Tilabala take timagulitsidwa, ngakhale valavu yonse imapezeka m'mashopu a zitsulo cha ku Lumumba Road ndi ku Cha Cha Cha. Nyamulani yakale m'thumba, mazinga ake amasiyana, musakagule ndi maso.

MayiWopentaZipata
Ine funso langa ndi lina. A Kalipentala, kampopi ka pansi pa thanki munakatsegula liti komaliza?

Kalipentala_Kalingalinga
Amayi, kunena zoona sindinakagwirepo. Ndimati ndi bawuti chabe.

MayiWopentaZipata
Mayo ine. Chaka chathunthu, dzinja lonse lija? Mpweya umene kompresa imakoka uli ndi chinyezi, ukapanikizidwa n'kuzizira m'thanki chinyezicho chimasanduka madzi. Kuyambira Disembala mpaka Malichi ine ndimatsegula madzulo alionse, ndipo chimatuluka n'chofiira ngati thobwa. Ndinaphunzira ndi misozi. Ndinapenta geti la munthu ku Chalala penti wakuda wonyezimira, mfuti yopopera penti n'kumalavula timadontho ta madzi. M'mawa mwake geti lonse matuza okhaokha. Ndinapala ndi manja anga masiku awiri, penti wachiwiri ndalama zanga. Vanishi wanu sachita mkaka nthawi zina?

Kalipentala_Kalingalinga
Amachita! Ndimanamizira wogulitsa thinner.

MayiWopentaZipata
Mukamupepese mumtima. Ikaninso water trap, kogwira madzi a mu mpweya, pafupi ndi mfuti, osati pa kompresa penipeni, chifukwa mpweya uyenera uyambe wazizira m'paipi kuti madzi apatuke.

Magetsi_Chilenje
Zimene anena Agogo ndikuvomereza, koma musatseke khutu ku mbali ya magetsi. Makompresa ambiri amene ndaitanidwa kuti "mota yapsa" matenda ake anali chingwe. Munthu wakoka ekisitenshoni yopyapyala ya mamita 30 kuchokera kuchipinda chogona, mwina ina yolumikiza pa inzake, yokulungidwa pa gudumu lake. Mota ikamadzuka imakoka mphamvu kangapo kuposa ikamayenda, ndiye pa chingwe chotere ma volts 230 aja amafika atachepa. Talikitsani paipi ya mpweya, osati chingwe. Ngati simungachitire mwina, chikhale cha 2.5mm ndipo chifupi.

Chachiwiri ndi ichi, chimene ambiri sadziwa. Kompresa muziizimitsira pa kabatani ka pressure switch, kabokosi kakuda kaja, osati kukhoma. Unloader ija imatsegulidwa ndi swichi imeneyo. Malaiti akapita kompresa ili mkati moyenda, mpweya umatsala m'mutu, swichi ikadali pa ON. Akabwera, mota imayesa kudzuka ndi katundu, inu mwina muli ku Soweto kogula tomato. Mu 2024 muja, madzi atachepa ku Kariba, malaiti ankabwera usiku anthu ali m'tulo, ndipo mota zambiri zinapsadi mwa njira imeneyi. Malaiti akapita, zimitsani pa kabatani, mumve "psss", mukatero muzule pulagi.

WaKuChadiza
Nkhani ya 2024 musaiyambe. Ine ndinkagona ndi wailesi yotsegula kuti ikalira ndidzuke ndikapope. Aneba anandiitanira alandilodi kuti ndikuliza chigayo 2 koloko usiku.

MnyamataWaKamwala
Manje jenereta ya 2.5kVA ingayendetse 2HP?

Magetsi_Chilenje
Papepala 2HP ndi pafupifupi 1.5kW, ndiye umaganiza kuti ikwana. Koma podzuka paja jenereta yaing'ono imagwada. Mwina iyaka thanki ili pa 0, ikafika poyambiranso n'kukana. Ena amatsegula kampopi kuti mpweya uzitayika mota isazime, koma pamenepo ukuwotcha petulo kupopa mphepo ya Lusaka.

BashiMpundu_Matero
Inu a kum'mawa nkhani zonsezi za chiyani? Tangoikani mbewa m'thanki izipuma, mpweya udzadzaza wokha.

WaKuChadiza
Ambuya, inu kompresa munaiona liti? Kwanu moto wowambira anyani mumauzira ndi pakamwa.

BashiMpundu_Matero
Koma anyaniwo amapsa bwino, sang'ung'udza ngati mota ya mnzanuyi.

AgogoAMatayala
Chimbuya chanucho mukachitire kumaliro. Tibwerere ku pampu, chifukwa non-return yokha siikufotokoza chifukwa chake thanki ikuchedwa kudzaza.

Tiyeni tiwerenge. Malita 50 kuti afike pa 8 bar pamafunika mpweya wa panja wokwana malita 400. Kapampu ka 2HP kabwinobwino kamatha zimenezo pa mphindi zitatu kapena zinayi. Malita amene amalemba pa chomata chija musawakhulupirire onse, aja ndi amene pisitoni imasesa, osati amene amafika m'thanki. Komanso Lusaka ili pamwamba, mamita oposa 1,200, mpweya wathu ndi wopepukirapo kuposa wa kunyanja yamchere, ndiye kompresa iliyonse kuno imachedwerako pang'ono. Koma kumwa tiyi mpaka kutsuka kapu, ayi, pamenepo pali matenda.

Yambani ndi fyuluta. M'shedi ya kalipentala utuchi ndi nkhungu ya vanishi zimamata kasiponji kaja mpaka kuuma ngati chikonda. Ichotseni, muyatse kompresa pang'ono, muike chikhatho pafupi ndi pokokera mpweya. Pakamakoka dzanja, bwino. Pakamakuuzirani mpweya wotentha, valavu za m'mutu sizikutseka kapena gasiketi yaduka.

Kalipentala_Kalingalinga
Ndabwerako ku shedi. Non-return ndatsegula, munali zinyalala zakuda ndi kadzimbiri monga ananenera a Sipanala. Ndapukuta, kalabala ndatembenuza. "Psssss" watha! Yazima pa 8, yalira "psss" kamodzi, yayambanso yokha pa 6 osang'ung'udza. Ndalama ya waya yapulumuka. Koma kudzaza ikuchedwabe, ndawerenga mphindi 11, ndipo pa fyuluta ikuuziradi dzanja. Kampopi ka pansi kakukana kutseguka, ndakathira oyilo kagone.

AgogoAMatayala
Ndiye tsegulani mutu. Si ntchito yoopsa, mabawuti anayi okha, koma imafuna mtima wofatsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Isiyeni izizire. Musanachotse kalikonse, jambulani ndi foni, ndipo mulembe kamzere ndi choko kuchokera pamutu kutsika mpaka pa silinda kuti podzabweza musatembenuze. Pansi pa mutu mupeza mbale yachitsulo, pena ziwiri zophatikizana, yokhala ndi timalilime topyapyala ngati lezala. Timeneto ndiye valavu. Kena kamatseguka pisitoni ikamatsika kuti mpweya ulowe, kena ikamakwera kuti upite ku thanki. Tikamatidwa ndi mwaye sitigona bwino pa bowo lake, ndiye pisitoni imangosewera ndi mpweya womwewo.

Vikani mbaleyo m'palafini ola limodzi, mutsuke ndi mswachi wakale. Timalilimeto musatipinde ngakhale pang'ono, ndipo musatikhule ndi sandipepa wokhakhala. Mbale ikakhala ndi zipsera, yalani sandipepa wosalala wa 600 pa galasi la windo, mudonthezepo palafini, muziiyendetsa mozungulira mpaka iwale mofanana paliponse. Pa galasi, osati pa benchi yanu, ngakhale mumati ndi yowongoka. Kenako yang'anitsitsani gasiketi. Pakati pake pali kamlatho kopyapyala kolekanitsa mbali yolowera mpweya ndi yotulukira. Kameneko ndi kamene kamakonda kuduka, ndipo kunja simumva kutayika kulikonse chifukwa mpweya ukungozungulira mkati. Pomanga, mabawuti muziwamanga modumphitsa, ili kenako la kutsidya kwake, pang'onopang'ono. Mutuwo ndi wa aluminiyamu, mukaumiriza mazinga amatha.

WaKuChadiza
Palafini achedwetsa. Ine ndimatsukira petulo, mphindi ziwiri mbee.

Sipanala17
Petulo m'shedi ya utuchi ndi vanishi, mbaula ya amayi ili pakhomo? Komanso pampu imapanikiza mpweya n'kuutenthetsa, mukasiyamo nthunzi ya petulo mwapanga injini yopanda pulagi. Ngakhale palafiniyo, pukutani ziume gwa musanamange.

WaKuChadiza
Zaka zisanu ndi chimodzi ndikuchita, sindinapse.

MayiWopentaZipata
Nsidze zanu tidzaziona tsiku lina.

MnyamataWaKamwala
Gasiketi mudule pa katoni ya Chibuku, ma mechanic onse achita.

BashiMpundu_Matero
Apa ndilankhule zenizeni, nthabwala pambali. Katoni ndinayesapo pamutu, inatha masiku atatu n'kupserera. Pansi pa silinda, pamene pamangofuna kutseka oyilo, pepala lolimba limapirira. Pamutu gulani pepala la gasiketi lopirira moto, amadula pa mlingo m'mashopu a masipeya a galimoto. Ligonekeni pa mbale, muzigogoda m'mphepete ndi kahamala ka mutu wobulungira, limadzidula lokha, mabowo a mabawuti omwe. Makulidwe akhale ngati a yakale. Ikanenepa kwambiri mpweya umachepa mphamvu, ikapyapyala pisitoni imatha kugunda valavu. Silikoni musayerekeze, imafinyikira mkati n'kukatseka non-return imene mwangotsukayo.

Kalilime kakathyoka ndipo simukukapeza, ena timadula pa feeler gauge, timalata topyapyala toyezera mipata, ta makulidwe ofanana. Kamagwira, koma kachidutswa kothyokako mukafunefune mpaka mukapeze, kasatsale pamwamba pa pisitoni.

WaKuChadiza
Taonani, Mbemba walankhula zanzeru. Mvula igwa mu Julayi.

Magetsi_Chilenje
Mwaye wonsewo ukuchokera kuti? A Kalipentala, mumathira oyilo wanji?

Kalipentala_Kalingalinga
Wotsala wa galimoto ya alamu anga, 20W-50.

Magetsi_Chilenje
Ndi ameneyo. Oyilo wa injini ali ndi mankhwala onyamula litsiro kuti likagwidwe ndi fyuluta ya oyilo. Kompresa ilibe fyuluta yotero, imangomwaza oyilo ndi kachitsulo ka pa con rod, mkono wokankha pisitoni uja, ndiye amachita thovu, wina n'kukwera kukapsera pa valavu. Funani wolembedwa kuti ndi wa kompresa, ISO 100, kapena SAE 30 wopanda detergent. Afike pa kadontho kofiira ka pa kagalasi, osadzaza.

AgogoAMatayala
Apa ine ndi a Magetsi tisiyana pang'ono. Yanga ya lamba yamwa oyilo wa galimoto zaka zambiri ndipo ikupopabe matayala a minibasi tsiku lililonse. Koma ija imazungulira mofatsa. Tating'ono ta direct drive iti, topanda lamba, timathamanga liwiro la mota, pafupifupi 2,850 pa mphindi, timatentha kwambiri, ndiye pa timeneti mawu awo ndi oona. Chachikulu kuposa mtundu wa oyilo ndi kumusintha. Akaoneka ngati tiyi wamkaka, mwalowa madzi, khuthulani lero lomwe.

Kalipentala_Kalingalinga
Lipoti la Loweruka. Mutu ndinatsegula. Kamlatho ka gasiketi kanalidi koduka, malo ake akuda bii, ndipo kalilime kamodzi kanali ndi chikhungwa cha mwaye chokhuthala ngati chikhadabo. Ndinatsukira m'kapoto kakale ndi mswachi umene ndimati ndi wakale, kumeneko ndiye kwabuka mlandu wina m'nyumba, tisaulowe. Gasiketi ndinadula monga ananenera a BashiMpundu, yoyamba inang'ambika, yachiwiri inakhala. Oyilo ndasintha. Tsopano kuchokera pa 0 kufika pa 8 ndi mphindi zitatu ndi theka. Ndinaimirira n'kumangoiyang'ana.

Koma kampopi kaja katatseguka, munatuluka madzi odzaza botolo la malita awiri ndi theka lina, ofiira, ndi zimatope. Nditapendeketsa thanki mukumveka tizidutswa tikuyenda. Ndapaka thovu la sopo pansi ponse, ndipo pafupi ndi mwendo wakumbuyo pakutuluka timathovu ting'onoting'ono pa chitsulo penipeni. Kabowo kake sikaoneka n'komwe. Mnzanga wa ku Garden akuti abwere ndi makina owotcherera adonthezepo kamodzi.

MnyamataWaKamwala
Ka spot kamodzi chabe, five minutes.

Sipanala17
Ayi. Ayi ndithu. Zimitsani, tulutsani mpweya, thanki imeneyo yatha ntchito.

WaKuChadiza
A Sipanala mumaopa chilichonse. Ku Garden anthu amawotcherera mathanki a madzi, ma trailer, zipata, tsiku ndi tsiku. Kabowo ka singano kangavute?

AgogoAMatayala
Mphwanga wa ku Chadiza, pa petulo ndinakusiya, apa sindikusiya. Luso la anyamata a ku Garden palibe akulikana. Vuto ndi lakuti dzimbiri ladya kuchokera mkati. Kabowo kamene kaonekako ndi pamene layamba kutulukira, koma mzere wonse wa pansi pamene madzi anagona chaka chathunthu wapyapyala. Ukawotcherera apa, moto umafooketsa m'mbali mwake, ndipo tsiku lina sipadzatuluka timathovu, padzang'ambika.

8 bar ndi makilogalamu 8 pa kabokosi ka sentimita imodzi mbali zonse. Chivindikiro cha kumapeto kwa thanki ya masentimita 30 m'mimba mwake chikukankhidwa ndi matani oposa asanu. Madzi sapanikizika, thanki ya madzi ikabooka imangodontha. Mpweya uli ngati sipuling'i yofinyidwa, ukapeza njira umatuluka wonse nthawi imodzi ndi zitsulo zomwe. N'chifukwa chake oyesa mathanki amawadzaza madzi powayesa, osati mpweya. Ine ndinaonapo shedi imene thanki inaphulikira. Mwamwayi mwini wake anali atapita kukatunga madzi. Pampu tinakaitola kuseri kwa mpanda wa aneba. A Kalipentala, ana anu amasewera kuti inu mukamapopa?

Kalipentala_Kalingalinga
Pakhomo la shedi pomwepo, Agogo. Wamng'ono amakonda kukhalira thanki ikazima chifukwa imafunda.

MayiWopentaZipata
Basi, nkhani yatha pamenepo. Pampu ndi mota mwakonza ndi manja anu, n'zamoyo. Funani thanki yokha. Makompresa ofa mota koma thanki ili bwino ndi ambiri kuposa a thanki yofa, funsani kwa okulunga mota omwe aja, amakhala nawo ataunjika osawomboledwa. Musanalipire masulani pulagi yaikulu muunikemo ndi tochi ya foni, mugogode pansi pake ndi sipanala mumve ngati pakulira mofanana ndi pamwamba. Onaninso kambale kolembedwa mphamvu imene thankiyo imapirira.

Magetsi_Chilenje
Ndipo safety valve ikhale yogwira ntchito, nambala yake isapose ya pa thanki. Ndapezapo ina atachotsa n'kutsekapo ndi bawuti chifukwa "imasokosa".

WaKuChadiza
Chabwino, ndagonja. Koma silinda yakale ya gasi singakhale thanki?

Sipanala17
Ilibe potulutsira madzi, ndipo kuti muikepo muyenera kuboola ndi kuwotcherera chinthu chimene munali gasi. Mwatuluka m'moto mwalowa m'ng'anjo.

Kalipentala_Kalingalinga
Ndamasula pampu, mota ndi swichi, ndaziika pa shelefu nditaphimba nsanza. Mnzanga wa ku Garden ndamuuza abwerebe, koma ndi grinder. Amayi a kunyumba akuti popeza poto wawo ndawononga, thankiyo aidule pakati ikhale yowotchera nyama. Oda ya makabati awiri ndiyamba ndapaka ndi bulashi. Amene angamve za thanki ya malita 50 kapena 100 cha kuno ku Kalingalinga, Mtendere kapena Kabwata andiuze.

AgogoAMatayala
Asanaidule muchotse mapulagi onse, muitsuke ndi madzi a sopo, muli oyilo mmenemo. Mukaidula mutijambulire pansi pake mkati, a ku Chadiza aone.

BashiMpundu_Matero
Ya malita 100 ilipo kwa mlamu wanga ku Lilanda, mota inapsa chaka chija cha malaiti. Matayala ake anachotsa anaika pa wilibala. Ndikamuona mawa kutchalitchi ndimufunsa.

MnyamataWaKamwala
Manje kapasita ija simunasinthe?